Magazi Ayamba Kuulula Zobisika mu Ubongo

Munali mu Febuluwale 1985, mumzinda wa Kyoto ku Japan. M'chipinda china cha kampani yopanga makina ya Shimadzu, mnyamata wa zaka 25 anatenga botolo lolakwika.

Ankafuna kusakaniza ufa wosalala kwambiri wa chitsulo cha cobalt ndi acetone, mankhwala amadzimadzi amene amauma msanga. M'malo mwake anathiramo gilisalini, yemwe uja anthu amadzola khungu likamayera m'nyengo yozizira.

Ufawo unali wodula. Kuutaya kunamuwawa mtima.

Anangoika phalalo m'makina n'kuyamba kuliomba ndi kuwala kwa laser kuti gilisaliniyo aume msanga, maso ali tcheru pa zimene makinawo ankaonetsa. Mwadzidzidzi anaona zimene gulu lake linakhala likusakasaka osazipeza. Tinthu tolemera, timene masiku onse tinkaphwanyika tikatenthedwa, tinayamba kuuluka tathunthu mpaka kukafika poyezera.

Mnyamatayo anali Koichi Tanaka. Sanali pulofesa, digiri ya PhD analibe, ndipo ku Tohoku University anaphunzira zamagetsi.

Mu Okutobala 2002 dziko linamva kuti wapata mphoto ya Nobel pa sayansi ya chemistry. Atolankhani atakhamukira ku kampaniko, anatulukira atavala yunifolomu yake yogwirira ntchito.

Patapita zaka zoposa 15, mu Januwale 2018, dzina lake linaonekanso m'magazini ya asayansi ya Nature, pamodzi ndi la dokotala Katsuhiko Yanagisawa ndi anzawo a ku Japan ndi ku Australia. Ulendo uno uthenga unali wakuti, ndi magazi osakwana n'komwe supuni yaing'ono, atha kudziwa ngati mu ubongo wa munthu mwayamba kuunjikana zinyalala zimene zimayenda ndi matenda a Alzheimer, matenda oiwalitsa okalamba.

Mutu sanautsegule. Msana sanaubaye. Anangoyeza kulemera kwa tizidutswa ta mapuloteni toyandama m'magazi.

Tizidutswa tonyamula uthenga

Mapuloteni onse a m'thupi amapangidwa ndi timagawo totchedwa amino acid, tomwe tilipo ta mitundu 20. Timagawoti tikalumikizana tambirimbiri, mazanamazana, chimatuluka ndi puloteni. Tikalumikizana tochepa, kawirikawiri tosaposa 50, asayansi amati ndi peptide.

Kuchepako kusakupusitseni.

Oxytocin, amene amathandiza chiberekero kukankha mwana pobereka, ali ndi timagawo 9 tokha. Angiotensin II, amene amafinya mitsempha n'kukweza BP, ali ndi 8. Hepcidin, amene amalamula kuti ayironi wa m'zakudya alowe m'magazi kapena asalowe, ali ndi 25. Insulin, amene odwala shuga amadzibaya, ali ndi 51.

Tizidutswa tina ndi amithenga a thupi. Tina ndi zotsalira za mapuloteni aakulu amene adulidwa. Tonse timatayikira m'magazi, ndipo amene angathe kutiwerenga amadziwa zambiri za mtima, impso, chiwindi ngakhalenso ubongo wa mwini magaziwo.

Vuto ndi kutipeza.

Magazi akazunguzidwa m'makina, amagawikana pawiri. Pansi pamakhala zofiira, pamwamba pamayandama madzi achikasu otuwira otchedwa plasma, omwe ndi pafupifupi magawo 55 pa 100 a magazi onse. M'lita imodzi ya madzi amenewa mumakhala magalamu 60 mpaka 80 a mapuloteni, ndipo oposa theka ndi mtundu umodzi wokha, albumin.

Kachidutswa kamene ofufuza za Alzheimer amafuna, kotchedwa amyloid beta 42, kamapezeka pa mlingo wa ma picogram makumi ochepa m'mililita imodzi. Picogram ndi gawo limodzi la galamu imene yagawidwa ka 1 thiliyoni.

Zili ngati kufunafuna njere imodzi ya chimanga yachilendo m'matumba pafupifupi 10,000 olemera makilogalamu 50 lililonse.

N'chifukwa chake kwa zaka zambiri kafukufuku woyeza amyloid m'magazi ankapereka mayankho osemphana. Ena ankati amakwera mwa odwala, ena ankati amatsika, enanso sankaona kusiyana kulikonse. Akatswiri ambiri anafika potaya mtima n'kunena kuti magazi sangauze munthu za mu ubongo.

Sikelo yoyeza zosaoneka

Makina amene anasintha nkhaniyi amatchedwa mass spectrometer. Ntchito yake ndi imodzi: kuyeza kulemera kwa tinthu tating'ono kwambiri.

Si makina atsopano. Cha m'ma 1912 ndi 1913, J.J. Thomson wa ku Cambridge ku England anapeza kuti mpweya wa neon uli ndi mitundu iwiri yosiyana kulemera. Wothandizana naye, Francis Aston, anapanga makina abwinopo mu 1919 ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1922.

Koma makinawa ali ndi malamulo ake. Chinthu chofuna kuyezedwa chiyenera kunyamula mphamvu ya magetsi, ndipo chiyenera kuuluka chokha m'malo opanda mpweya. Tinthu topepuka sitinkavuta. Mapuloteni ndi ma peptide ndiwo ankakanika, chifukwa ukawatenthetsa kuti auluke ankangopserera.

Mfundo imeneyi inamasulidwa m'zaka za m'ma 1980, m'malo atatu.

Ku Kyoto kunali Tanaka ndi gilisalini wake. Ku Germany, Michael Karas ndi Franz Hillenkamp anapeza njira yosakaniza chinthucho ndi mankhwala ena amene amayamwa kuwala kwa laser, njira yotchedwa MALDI. Imeneyi ndi imene ma labotale ambiri amagwiritsa ntchito lero, ndipo mpaka pano alipo asayansi amene amadandaula kuti awiriwa anamanidwa Nobel.

Ku Yale University ku America, John Fenn anatulukira njira yopopera madzi okhala ndi mapuloteni kudzera pa kasingano kokhala ndi magetsi amphamvu. Timadontho timauma tili m'malere, puloteni n'kutsala yokha itanyamula magetsi. Iye ankati wapatsa njovu mapiko. Analandira Nobel limodzi ndi Tanaka ali ndi zaka 85.

Kulemera kwa tinthuti amakuwerenga m'ma dalton. Albumin amalemera pafupifupi 66,500. Amyloid beta 40 amalemera pafupifupi 4,330, pamene amyloid beta 42 amalemera pafupifupi 4,514.

Awiriwa ndi pachibale, ochokera ku puloteni imodzi. Amangosiyana timagawo tiwiri ta kumapeto, kapena kuti ma dalton 184. Koma wa 42 ndi womata kwambiri, ndipo ndi amene amayamba kuundana mu ubongo.

Kwa makinawa, kusiyana kwa 184 n'kwakukulu zedi.

Ulendo wa kabotolo

Ntchito imayambira pamkono wa wodwala. Namwino amakoka magazi n'kuwathira m'kabotolo ka chivindikiro chapepo, momwe muli mankhwala oletsa magazi kuundana.

Kuchokera pamenepo ndi mpikisano ndi nthawi.

M'magazi muli ma enzyme amene ntchito yawo ndi kudula ma peptide, ndipo sasiya kudula chifukwa choti magazi atuluka m'thupi. Kabotolo kakakhalitsa patebulo, zimene mukufuna kuyeza zimakhala zikutha. Choncho magaziwo amazunguzidwa msanga, plasma n'kuyengululidwa pamwamba, kenako n'kuikidwa m'firiji yozizira madigiri 80 kunsi kwa ziro. Kusungunula ndi kuumitsanso kambirimbiri kumasokoneza zotsatira.

Ngakhale kabotolo kameneko kali ndi mlandu wake. Amyloid amakakamira pa pulasitiki, moti kungosintha mtundu wa kabotolo kapena kutsanulira plasma m'mabotolo angapo kutha kuchepetsa chiwerengero.

Mu labotale, wogwira ntchito amayamba wathira m'plasma muja mlingo wodziwika bwino wa amyloid wopangidwa dala, wofanana ndi wa m'thupi pa chilichonse kupatula kuti anamulemeretsa pang'ono ndi nitrogen wolemera. Ameneyu ndi mboni. Chilichonse chimene chingatayike m'njira, chimatayika mofanana kwa onse awiri, ndipo pamapeto amawerengera wa m'thupi poyerekeza ndi mboniyo.

Kenako amathiramo timikanda ta maginito tosaoneka ndi maso kamodzikamodzi. Pa kamkanda kalikonse anamatapo ma antibody, asilikali a chitetezo cha m'thupi amene amagwira amyloid yekha n'kusiya zina zonse.

Pakapita kanthawi amagunditsa maginito m'mbali mwa kabotolo. Timikanda tonse timathamangira kumeneko n'kupanga kadontho kabulawuni pakhoma la kabotolo. Madzi achikasu aja, ndi albumin yense, amawapopa n'kuwataya. Amatsuka timikandato kangapo, kenako n'kumasula zimene tagwira.

Zotsalazo ndi kadontho kooneka ngati madzi wamba.

Ku Japan amakaumitsa pa kambale kachitsulo n'kukaomba ndi laser. Tizidutswa timanyamuka, magetsi n'kutikankhira mumpope wopanda mpweya wotalika mita imodzi kapena iwiri. Topepuka timafika msanga kumapeto, tolemera timachedwa. Ulendo wonse sutenga n'komwe gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi, koma makina amalemba nthawi imene kalikonse kafika n'kuisandutsa kulemera.

Ku St. Louis ku America, gulu la dokotala Randall Bateman la pa Washington University linatsata njira ya Fenn. Iwo amadula amyloid uja ndi enzyme, n'kudutsitsa tizidutswato m'kampope kopyapyala kwambiri kuti tituluke motsatizana, kenako n'kutipopera m'makina. M'katimo kachidutswa kosankhidwa kamagundanitsidwa ndi mpweya kuti kasweke, ndipo zidutswa zake zimayezedwanso. Kulemera koyamba ndi kwa zidutswazo zikagwirizana, palibenso kukayika kuti n'chiyani.

Pa kompyuta pamangooneka mzere wokhala ndi nsonga zingapo. Kutalika kwa nsonga ndiko kuchuluka kwa chinthucho.

Apa ndi pamene makinawa amaposera njira zakale. Antibody payekha atha kugwira chinthu china chofanana n'kuchiwerengera limodzi. Sikelo imafunsanso kachiwiri: chimene wagwirachi chikulemera bwanji?

Kuchokera ku manda kufika pamkono

Kuti timvetse chifukwa chake madokotala akusangalala, tiyenera kubwerera ku Frankfurt mu 1901. Kumeneko dokotala Alois Alzheimer anakumana ndi mayi wa zaka 51, Auguste Deter, amene ankaiwala zinthu, kusochera m'nyumba mwake momwe ndi kukayikira mwamuna wake popanda chifukwa. Mayiyo atamwalira mu 1906, dokotalayo anaunika ubongo wake n'kupezamo timibulu tachilendo pakati pa maselo ndi tiulusi topiringizana m'kati mwa maselowo.

Kwa zaka pafupifupi 100, njira yotsimikizira matendawa inali yomweyo: kudikira munthu amwalire.

Mu 1984 George Glenner ndi Caine Wong a ku San Diego anapatula peptide wa amyloid m'mitsempha ya mu ubongo wa odwala. Chaka chotsatira Colin Masters wa ku Australia ndi Konrad Beyreuther wa ku Germany anasonyeza kuti ndi yemweyo amene amapanga timibulu tija. Masters yemweyu analinso m'gulu la Tanaka mu 2018.

Kenako kunabwera njira ziwiri zoonera matendawa munthu ali moyo. Ina ndi makina ojambula ubongo a PET, omwe anayamba kuonetsa amyloid mu 2004 pogwiritsa ntchito mankhwala opangidwa ku Pittsburgh. Kujambulitsa kamodzi ku America kumadya madola masauzande angapo, ndipo makinawo amapezeka m'zipatala zikuluzikulu zokha.

Ina ndi kutenga madzi a mumsana. Njirayi ndi yodalirika, koma aliyense amene anadwazikapo matenda oumitsa khosi akudziwa mmene achibale amachitira mantha akamva za singano ya pamsana.

M'madzi a mumsana chizindikiro chimaoneka bwino. Amyloid 42 akayamba kumatirira mu ubongo, wochepa yekha ndiye amatuluka, ndipo mlingo wake poyerekeza ndi wa 40 umatsika pafupifupi ndi theka. M'magazi kutsikako kumangokhala magawo 10 mpaka 15 pa 100, chifukwa ziwalo zina za thupi zimapanganso amyloid wawo.

Makina olakwitsa ndi magawo 10 pa 100 sangaone kanthu pamenepa.

Gulu la Tanaka linayeza anthu 121 a ku Japan ndi 252 a ku Australia, ena abwinobwino, ena oyamba kuiwala, ena odwala kale. Zotsatira za magazi zinagwirizana ndi za PET mwa anthu pafupifupi 90 pa 100 alionse.

Mu 2019 gulu la ku St. Louis, motsogozedwa ndi Suzanne Schindler ndi Bateman, linafalitsa zotsatira za anthu 158, ambiri mwa iwo oganiza bwinobwino. Magazi okha anagwirizana ndi PET pa mlingo wa 88 pa 100. Ataphatikizapo zaka za munthu ndi chibadwa chotchedwa APOE4, anafika pa 94.

Panali chinanso chodabwitsa. Anthu ena magazi awo ankaonetsa vuto pamene PET inkati zonse zili bwino. Poyamba zinkaoneka ngati magazi anama. Koma atawajambulanso patapita zaka, anthu amenewa anapezeka kuti mwayi wawo woonetsa amyloid mu ubongo unali woposa wa anzawo ka 15.

Magazi anali atatsogola.

Mu Okutobala 2020 kampani ya C2N Diagnostics ya ku St. Louis inayamba kulandira magazi ochokera kwa madokotala, pa mtengo wa madola 1,250. Pambuyo pake anawonjezera kuyeza puloteni ina, tau, yomwe imapanga tiulusi timene Alzheimer anaona. Tau ndi wamkulu, choncho amamudula kaye m'tizidutswa, n'kufufuza kachidutswa kamene pa malo a nambala 217 pamamatira phosphate. Kameneko kamalemera ma dalton 80 kuposa kanzake kopanda phosphate, ndipo kamakwera kwambiri matendawa akamakula.

Mayeso aakulu anachitikira ku Sweden. Mu Julaye 2024 Sebastian Palmqvist, Oskar Hansson ndi anzawo a pa Lund University anafalitsa m'magazini ya JAMA zotsatira za odwala 1,213 amene anapita kuchipatala akudandaula za kuiwala. Madokotala a m'zipatala zing'onozing'ono, poyeza mwa masiku onse, analondola mwa odwala 61 pa 100. Akatswiri a matenda oiwala analondola mwa 73. Kuyeza magazi kunalondola mwa pafupifupi 90.

Chikuchititsa changu chonsechi ndi mankhwala. Mu Julaye 2023 bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linavomereza kwathunthu lecanemab, ndipo mu 2024 linavomereza donanemab. Onse amachotsa amyloid mu ubongo. Sachiritsa. Lecanemab anachedwetsa kulowa pansi kwa odwala ndi magawo 27 pa 100 m'miyezi 18, amatha kutupitsa ubongo kapena kuchititsa kuti timitsempha tikhe magazi, ndipo mtengo wake unayambira pa madola 26,500 pachaka. Munthu sangapatsidwe mankhwala otere popanda umboni woti amyloid alimodi.

Phunziro la 2002

Amene akhalitsa pantchitoyi safulumira kuomba m'manja, ndipo ali ndi chifukwa.

Mu Febuluwale 2002 magazini ya The Lancet inatulutsa kafukufuku wa Emanuel Petricoin, Lance Liotta ndi anzawo ku America. Iwo anati poyang'ana nsonga zimene mass spectrometer imaonetsa pa madzi a m'magazi, kompyuta yawo inazindikira amayi onse 50 amene anali ndi khansa ya m'thumba la mazira, ndipo inangolakwitsa pa atatu mwa amayi 66 opanda khansa. Dziko linagwedezeka. Kampani ina inakonzeka kugulitsa njirayi m'dzina la OvaCheck.

Koma nsongazo palibe amene ankadziwa kuti zinali za peptide uti.

Akatswiri a masamu Keith Baggerly ndi Kevin Coombes a pa chipatala cha khansa cha MD Anderson ku Houston anatenga manambalawo n'kuwaunikanso. Anapeza kuti kusiyana kwambiri kunkatha kuchokera ku kasamalidwe ka magaziwo ndi mmene makina anatcheredwera pa nthawi zosiyana, osati ku khansa. Chiyembekezo chija chinafera m'mazira.

Malamulo amene akutsatidwa lero anabadwira pamenepo. Dziwa dzina la chimene ukuyeza. Thiramo mboni. Sakaniza magazi a odwala ndi a anthu abwino poyeza, woyezayo asadziwe kuti awa ndi a ndani. Kenako kayesenso mwa anthu ena, m'dziko lina.

Ngakhale pa Alzheimer, zokhumudwitsa zilipo. Impso zikafooka, mapuloteni ena amachuluka m'magazi popanda vuto mu ubongo. Mankhwala a mtima a sacubitril amaletsa enzyme imene imaphwanya amyloid, motero amasokoneza chiwerengero. Ndipo ambiri mwa anthu amene anayezedwa m'kafukufuku woyambirira anali azungu ndi anthu a ku Japan.

Mfundo yomalizayi ndi yaikulu kwa ife. Kafukufuku amene anayamba mu 1992 poyerekeza okalamba a Chiyoruba a ku Ibadan ku Nigeria ndi anthu akuda a ku Indianapolis ku America anapeza kuti matendawa ankagwira ochepa ku Ibadan, ndiponso kuti chibadwa cha APOE4 chinalibe mphamvu yofanana m'magulu awiriwa. Malire a manambala oikidwa ku Sweden ayenera kuyesedwa kaye mwa anthu a mu Africa asanayambe kugamulira agogo athu.

Chinanso n'chakuti amyloid amayamba kuunjikana zaka 15 mpaka 20 munthu asanayambe kuiwala, ndipo okalamba ambiri amamwalira naye mu ubongo nzeru zawo zili bwinobwino. N'chifukwa chake madokotala akulangiza kuti ayezedwe okhawo amene ali ndi zizindikiro. Kuuza munthu wathanzi kuti magazi ake aipa, popanda chomuthandiza nacho, n'kumusenzetsa nkhawa yopanda pothawira.

Si ubongo wokha

Luso lomweli likugwira ntchito pa matenda amene tikuwadziwa bwino kuno.

Hepcidin uja anapezeka mu 2000 ku Hannover ku Germany, asayansi akusefa madzi ochokera m'magazi a anthu, ndipo mu 2001 gulu la Tomas Ganz ku Los Angeles linamupezanso mumkodzo. Thupi likagwidwa ndi malungo kapena matenda ena, hepcidin amakwera n'kutseka njira ya ayironi. Mwana wotere ukamumwetsa mankhwala owonjezera magazi, ochepa okha ndiwo amalowa. Kafukufuku wa pa chilumba cha Pemba ku Tanzania, wofalitsidwa mu 2006, anasonyezanso kuti kugawira ana onse ayironi m'dera la malungo kunachulukitsa ogonekedwa m'chipatala.

Labotale ya ku Nijmegen ku Netherlands inatchuka poyeza hepcidin ndi mass spectrometer, ndipo akatswiri ake anagwira ntchito ndi ofufuza a ku Malawi pa ana ochepa magazi kwambiri. Zotsatira zofalitsidwa mu 2013 zinasonyeza kuti ana ambiri otere anali ndi hepcidin wotsika ngakhale ankadwala matenda ena.

Pa chifuwa chachikulu, gulu la Tony Hu ku America linafalitsa mu 2017 njira yopezera m'magazi tizidutswa ta mapuloteni awiri, CFP-10 ndi ESAT-6, amene kachilombo ka TB kamatulutsa. Cholinga ndi kuthandiza ana aang'ono ndi anthu a HIV, amene nthawi zambiri satha kupereka makhololo oti ayezedwe.

Nawonso ma labotale ovomerezedwa ndi bungwe lolimbana ndi chinyengo pamasewera la WADA amadalira makinawa pogwira ochita masewera odzibaya ma peptide okulitsa minofu. Insulin wina wopangidwa kufakitale amasiyana ndi wa m'thupi pa timagawo tochepa, ndipo sikelo imaona.

Mtunda ukadalipo

Mass spectrometer yabwino imagulidwa madola masauzande mazana angapo. Imafuna magetsi osathimathima, mpweya wa nitrogen, chipinda chozizira, ndi katswiri amene waphunzira zaka zambiri. Firiji ya madigiri 80 kunsi kwa ziro ikazima usiku umodzi, ntchito ya miyezi itha kuwonongeka.

Komabe mbiri ikusonyeza kuti makinawa amalambula njira, ena otchipa n'kutsatira. Atatsimikizira chimene chiyenera kuyezedwa, makampani anayamba kupanga njira za ma antibody okha zotha kuyenda pa makina wamba a m'chipatala. Mu Meyi 2025 FDA inavomereza yoyamba yotere, ya kampani ya ku Japan ya Fujirebio, kwa anthu a zaka 55 kupita m'tsogolo amene ali ndi zizindikiro.

Kufunika kwake kukukulirakulira. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO likuti mu 2021 anthu 57 miliyoni anali ndi matenda oiwala, ndipo oposa 60 pa 100 alionse amakhala m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene. Matenda a Alzheimer ndiwo amachititsa magawo 60 mpaka 70 pa 100 a vutoli. Bungwe la Alzheimer's Disease International linawerengera kuti kum'mwera kwa chipululu cha Sahara kunali odwala 2.13 miliyoni mu 2015, ndipo adzafika 7.62 miliyoni pofika 2050.

M'midzi yathu ambiri mwa anthu amenewa alibe dzina la matenda awo. Gogo akapezeka m'bandakucha pakhomo pa eni, atavula, osadziwa kumene akuchokera, anthu amathamangira kunena kuti wagwa pa ndege ya ufiti. Ena amenyedwa, ena awotcheredwa nyumba, ena aphedwa.

Zimene apeza ku Kyoto, ku St. Louis ndi ku Lund zikutsutsa bodza limeneli ndi manambala. Kuiwala kotere ndi matenda a m'thupi, ali ndi chizindikiro m'magazi, ndipo chizindikirocho chimayezedwa pa sikelo.

Sitiyenera kudikira makinawo kuti tichitepo kanthu. Kuiwala kwina kumabwera ndi zinthu zochizika, monga kuchepa kwa vitamini B12, vuto la chithokomiro, matenda a nkhawa, chindoko, HIV ndi mowa, ndipo zambiri mwa zimenezi zipatala zathu zimatha kuziyeza kapena kuzithandiza. Gulu la akatswiri la The Lancet linanena mu 2024 kuti pafupifupi magawo 45 pa 100 a matenda oiwala angapewedwe kapena kuchedwetsedwa polimbana ndi zinthu 14, kuphatikizapo BP, shuga, fodya, kusamva bwino ndi kusapita kusukulu.

Choncho agogo akayamba kusochera panjira imene ayendamo moyo wawo wonse, kapena kuitana mdzukulu ndi dzina la malemu, musawatengere kubwalo la mfumu kapena kwa sing'anga. Apititseni kuchipatala, akayezedwe BP, shuga ndi magazi, ndipo kunyumba muwasamale monga wodwala wina aliyense.